Bakha wa pa Natale

Sabudu, 20 Dezembro 1986

Mvula kuyambira m'mawa. Kumunda sitinapite. Shikola anatseka dzana, amuna anga a Cassimiro akungozungulira pakhomo ngati nkhuku yosowa poikira. Kaderno ndikulembamo uyu ndi wa ana a m'kalasi mwawo, anatsala masamba. Ndamutenga. Ndilibe womuuza.

Kuchitsime a Conceição anandikokera pambali. Dzulo kumunda kwawo, kuseri kwa phiri, anakumana ndi anthu a m'tchire. Anayi, mfuti ziwiri. Anangowalanda khasu. Koma mmodzi anawaitana ndi dzina lawo.

Silvestro. Mlongo wanga, wopondana nane. Anamugwira pa msewu wa ku Lifidzi chaka chatha, ndi njinga yathu yomwe. Tinalira. Misa ya maliro tinachita, mtembo palibe.

Ali moyo.

Akuti, "Mukawauze achemwali a Rufina, pa Natale ndidzadyera kwathu. Alamu asadzapezeke pakhomo."

Ndinabwerako ndi ndowa yosadzaza.

Tadya kachewere wowiritsa ndi nkhwani wopanda nsinjiro. Mchere watsala wongonyambita. Sindinauze munthu.

Dumingu, 21 Dezembro

Mapemphero ku kapela. Wansembe sanabwere, miyezi inayi tsopano. Anatsogolera akatekisita. Anthu ochepa. Aliyense kukhala pafupi ndi khomo. Kwaya kuimba chapansipansi ngati pa maliro.

Pobwerera ndinawauza a Cassimiro, pa mabulugamu paja.

Tonse tikudziwa. A m'tchire akapeza purofesoro, mphunzitsi ngati amuna angawa, samusiya. Wa kutsidya kwa mtsinje anamupeza m'dimba mwake mwezi wathawu, sanalole ndi akazi ake omwe kuona nkhope. Ndiye tikaphika, a milisiya a boma adzati tikudyetsa adani. Tikapanda kuphika, obwerawo adzati tawanyoza. Uku moto, uku moto.

A Cassimiro akuti, "Tinyamuke tonse. Ku Kalomwe, tiwolokere ku Dedza kwa asuweni anga."

Nanga amayi? Miyendo yatupa ngati mitondo. Kuchimbudzi komwe amapita ndi ndodo, kupuma kawiri. Kuwabereka sitingafike nawo. Njinga inapita ndi Silvestro.

Madzulo nyemba zadzulo. Palibe anamaliza mbale yake.

Lolemba, 22 Dezembro

Estele, mwana wathu, anamva tikunong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Zaka zisanu ndi chimodzi, makutu ngati a mleme. Molunjika kwa agogo ake.

Amayi analira, kenako kuseka, kenako kuliranso. Anandiitana. Osafunsa kuti akuyenda ndi ndani, wanyamula chiyani. Anangoti, "Uphe bakha uja. Mpunga upezeke. Thobwa uyambe lero lomwe. Mwana wanga wadya mizu chaka chathunthu."

Ndinati amayi, sabwera yekha. Akuti, "Anzakewo alibe mimba?"

Ndinawauza zothawa. Anatembenukira kukhoma. "Pitani inu. Ine ndinabala mwana, sindinabale mfuti."

Ndakwiya nawo mpaka mutu kuwawa. Kenako ndinatulutsa chimera ndi kusinja. Munsi uliwonse ukagunda, ine kuyang'ana kuphiri. Kale sindinkadziwa kuti mtondo umamveka kutali chonchi.

Bakha ndi mmodzi yekhayo. Ena anafa ndi chitopa. Ndimamusungira mazira.

Estele ndamumenya, koyamba. Kuti atseke pakamwa. Wagona osandiyang'ana.

Lachiwiri, 23 Dezembro

Mapichesi apsa, nthambi mpaka kuthyoka. Ndinathyola dengu lathunthu, kupita nalo pamsika wa pamphambano. Ndalama sakuzifuna, aliyense akufuna kusinthana. Ndapeza kapu ya mchere, mbale ya mpunga woswekasweka, ndi mafuta m'kabotolo ka mankhwala.

Pobwerera, wa milisiya pa mlatho. Ndimamudziwa, tinalandira naye ukaristiya woyamba ku Fonte Boa. Anavundukula dengu ndi nsonga ya mfuti. "Mpunga, mayi? Mukuyembekezera alendo?"

Ndinati ndi wa odwala. Anatapa dzanja limodzi, kuthira m'thumba la malaya. Anandiyang'anitsitsa. Akudziwa? Kapena ndi njala chabe? A Conceição auza angati?

Masana onse takhala tikubisa uphunzitsi wa a Cassimiro. Mabuku, choko, nsapato zachikopa, pepala lawo la ku kurso ya uphunzitsi. Zonse mu mtsuko, mtsukowo pansi pa khola la mbuzi, ndowe pamwamba. Pakhoma patsala misomali yokha. Manja awo ndiye osabisika. Ofewa, opanda zikang'a za khasu.

Thobwa layamba kununkhira. Ndaliphimba ndi ziguduli ziwiri.

Lachitatu, 24 Dezembro

A Cassimiro apita. Kutangocha, kudzera m'minda, opanda giya, chikalata choyendera. Estele kumsana. Ndinawamangira chigumu ndi mapichesi m'kansalu.

Anandigwira pamkono nati, "Mayi a Estele, tiyeni. Amayi tiwasiyire madzi ndi nkhuni." Ndinakana. Sanabwereze. Akuti akapeza njinga abwera kudzatitenga.

Estele anandibweza dzanja nditafuna kumukonza mpango. Ambuye, kusakhale kuonana komaliza kumeneko.

Bakha ndapha ndekha. Chibadwire sindinaphepo, amapha ndi a Cassimiro. Mpeni wobuntha. Anandipulumuka khosi lili pakati, kuthamanga bwalo lonse, magazi mpaka pakhomo la amayi. Ndinakhala pansi, kusanza. Amayi ali pamkeka, "Madzi otentha, Rufina, nthenga zilimba."

Nthenga ndakwirira. Bwalo ndasesa katatu.

Cha m'ma 3 koloko, mfuti. Kutali, mbali ya kumwera. Osati kumene alowera iwo. Ndikudziuza choncho.

Kale tsiku ngati lero tinkakazinga mandasi mpaka mikono kuwawa, ana kuphunzira sewero la abusa a ku Betelehemu. Silvestro ankakhala bulu chaka chilichonse, chifukwa cha makutu.

Lachinayi, 25 Dezembro

Natale. Kumwamba kwayera, dzuwa lokoma ngati palibe kanthu.

M'mudzi zii. A Conceição ndi ana awo anachoka dzulo. Nyumba zinanso zitatu, zitseko zomanga ndi luzi. Ndiye kuti onse akudziwa. Utsi m'mudzi monse ndi wanga wokha.

Bakha ndawiritsa kaye, ngwokalamba, wolimba. Kenako kukazinga ndi anyezi ndi matimati awiri. Mpunga wapsa bwino. Kachewere ndathira mu msuzi kuti zichuluke. Kabichi. Nyemba. Fungo lake ndikuliopa, likupita kutali.

Amayi asamba, avala chitenje chawo cha ku tchalitchi, korona m'khosi. Andiuza ndiwakhazike pakhonde, moyang'ana njira. Akuimba.

Ine sindinalawe kanthu.

Agalu ayamba kuuwa kumunsi kwa dimba. Kaderno ndikumusomeka kudenga.

Lachiwiri, 30 Dezembro

Ndabwera dzulo. Mapazi ang'ambika, ndikulemba nditawaviika m'madzi ofunda. Ndilembe zonse ndisanayambe kudzinamiza.

Anafika asanu. Silvestro ndinamuzindikira ndi kayendedwe. Wowonda, tsitsi lopotana ndi litsiro, malaya opanda mabatani. Amayi anamugwira miyendo, kumutchula dzina la paubwana. Iye chiimire ngati mtengo, maso kwa mkulu wawo.

Mkuluyo wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono, chinyanja chake cha kutali. Amamutcha shefi. Anandilamula ndilawe chilichonse iye akuona. Mpunga, msuzi, thobwa. Anadikira pang'ono, kuona ngati ndigwe. Kenako anadya. Mafupa omwe kutafuna.

Shefi anamuponyera Silvestro khosi ndi mapazi. Amayi anali atabisa ntchafu m'chitenje. Poti amupatsire mwana wawo, shefi anatambasula dzanja. Anapereka.

Kenako funso lija. "Mwamuna wa pano ali kuti? Tamva ndi purofesoro."

Anayankha ndi Silvestro, osadzutsa mutu m'mbale. "Anawathawa kalekale ameneyo, shefi. Ali ndi mkazi wina ku Tete."

Amayi anatsegula pakamwa kuti atsutse. Ndinawaponda phazi lotupa lija ndi mphamvu zanga zonse. Anakuwa. Anthu aja kuseka, amati ndapunthwa ndi mantha. Mpaka lero amayi sanandifunse.

Atakhuta analowa m'nyumba. Thumba la nyemba, kachewere, miphika iwiri, bulangete, mbuzi zonse zitatu. Anaima m'khola momwemo, pamwamba pa mtsuko uja. Sanakumbe.

Katundu amafuna mutu. Shefi anandiloza ine.

Masiku atatu. Nyemba pamutu, mvula pamsana. M'njira anagwira ena, amayi awiri ndi bambo wachikulire. Bamboyo tsiku lachiwiri anakhala pansi, akuti sangathenso. Ife anatiuza tiziyenda. Zina sindilemba.

Silvestro masiku onsewo osandilankhula. Kamodzi anandikankha ndi mfuti kuti ndifulumire. Ndinati basi, mlongo wanga anafadi chaka chatha, Misa ija sinapite pachabe.

Tsiku lachitatu masana anandituma madzi kumtsinje, wondilondera iyeyo. Titatsika pagombe anandilanda chigubu.

"Tsatani madziwa chokwera, achemwali. Akufikitsani ku minda ya kwathu. Mukafika pa mkuyu uwo ndiwombera m'mwamba kamodzi. Musacheuke."

Ndinati tiye tonse. Anapukusa mutu. "Tsiku loyamba lomwe atandigwira anandipatsa mpeni, akuti ndiphe. Munthu wake mumamudziwa. Ndingalowe m'mudzi uti ine? Amayi asamve."

Ndinamugwira malaya. Anandichotsa manja chala chimodzichimodzi.

"Chaka chatsopano chisakupezeni pamudzi. Tidzabweranso, koma osati kudzadya." Kenako, ngati wakumbukira kanthu, "Bakha uja munachepetsa mchere."

Ndinathamanga. Pa mkuyu, mfuti inalira. Kamodzi, monga ananenera. Nditapitirira pang'ono, inaliranso.

Yachiwiriyo sanandiuze.

Amayi ndinawapeza amoyo, pakhonde pomwe ndinawasiya. Masiku anayi akudya mapichesi ogwa, kukwawa kukatola. Funso lawo loyamba: "Kumeneko akumadya bwino?"

Lachitatu, 31 Dezembro

A Cassimiro afika m'mawa ndi njinga ya asuweni awo. Ataona mapazi anga anakhala pansi, kulira ngati mwana. Estele ali bwino, amusiya ku Dedza. Akuti amandifunsa.

Nthawi palibe. Mawa ndi tsiku lija.

Amayi anakana. Anagwira mzati wa khonde ndi manja awiri. "Akabwera apeze ndani?" A Cassimiro anagwada, kuwachonderera, apongozi, apongozi. Ayi. Dzuwa likukwera. Ine maso kuphiri.

Ndiye ndinanama. Ndinati amayi, ndinaiwala kukuuzani. Silvestro anati athawa, tikakumane naye ku Dedza. Anati amayi akandidikire kumeneko.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anasiya mzati. Pa njinga anakwera okha, osafuna kuthandizidwa.

A Cassimiro akudziwa kuti ndi bodza. Anangogwira njinga.

Ndikumanga mtolo. Mphika wotsala, chipande, kamchere kaja. Mtsuko tausiya pansi pomwepo.

Sabudu, 3 Janeiro 1987

Ku Dedza. Tinawoloka kumtunda kwa Kalomwe, m'njira ya oyenda pansi, anthu ambirimbiri, mitolo, ana, nkhuku. Obwera dzulo akuti kwathu kukufuka utsi. Nyumba ziti, sakudziwa.

Tikugona m'khitchini mwa asuweni, anthu anayi, pamodzi ndi nkhuni. Ndi anthu abwino, koma nawonso ndi nthawi ya njala. Ufa amatipatsa wa kamodzi patsiku. Ndiwo ndi bonongwe wa m'mbali mwa msewu. Galimoto ikaphulitsa utsi pamsewu ndimapezeka ndagwa kale pansi. Ana a pano amaseka.

Amayi ayamba zatsopano. Pa chakudya chilichonse amadula theka la gawo lawo, kuika m'mbale, kuvundikira. La Silvestro, akafika ndi njala. Palibe wololedwa kukhudza. Likagona, m'mawa amati tipatse nkhuku, aike lina. Masana onse pakhomo, maso kumsewu wa ku malire. Mnyamata aliyense wamtali akadutsa amadzuka ndi ndodo.

Akuwonda ndikuona. Masiku atatu okha.

Ndikawauza zoona, ndinene ziti? Kuti anakana kubwera? Za mpeni? Za mfuti yachiwiri?

Lero andifunsa, "Anati tsiku lanji kodi?" Ndinati sanatchule. Akuti, "Ndiye mwina lero."

Mbale ili apo pa chiguduli, yovundikira. Amayi atuluka. Estele wakhala pafupi nayo, sakulira, akungoiyang'ana, chala m'kamwa. Wandiyang'ana ine tsopano. Ndodo ya amayi ikumveka kuseri, akubwerera, ndipo ine dzanja langa lafika kale pa mbaleyo.