Mapazi a Bambo

Lamulungu, 9 Malichi
Kutchalitchi ku Lirangwe. Bambo adzandira akugawa Mgonero, thireyi yonse pansi. Mkulu wa mpingo zaka makumi awiri. Mayi wina kumbuyo kwanga: "Koma a Wilson sanalaweko kenakake?" Ine mutu pansi mpaka nyimbo yomaliza. Ndabwerera ku Chileka osawatsanzika.

Lachitatu, 12 Malichi
Ndapitanso nditaweruka kusukulu. Iwo kudimba, ine m'chipinda mwawo kusaka timabotolo ta mowa. Kunsi kwa bedi, m'thumba la chimanga, m'nsapato za malemu mayi. Palibe. Mapilisi a shuga okha, metformin, omwe akhala akumwa zaka zisanu ndi zinayi. Atabwera anadandaula kuti mapazi achita dzanzi, ngati akuponda thonje. Ndinawayankha kuti mowa umatero.

Loweruka, 5 Epulo
A Japhet, mlembi wa mpingo, anandifunsa za bambo pamsika. Ndikanangoti sindikudziwa. Ndinati, "Chimwalirireni mayi, ayamba kumwa." Awaimitsa kugawa Mgonero.

Lachiwiri, 20 Meyi
Dzulo anagwa kubafa. Lero kuchipatala m'tauni, kuyezetsa magazi. Si mowa. Vitamini B12 watsika kwambiri. Adokotala akuti metformin, munthu akamwa zaka zambiri, nthawi zina amalepheretsa thupi kutenga vitaminiyu m'zakudya. Dzanzi ndi kudzandira, gwero lake ndi limenelo. Mapilisi asasiye, koma azibayidwa jakisoni. Anafunsa chifukwa chake tachedwa chonchi, poti mwina dzanzi lina silidzathanso. Bambo anandiyankhira: "Mwanayu amatanganidwa ndi ana asukulu."
M'minibasi maso anga pawindo njira yonse.

Lachisanu, 23 Meyi
Ndawawenga zikhadabo. Kuchidendene munga, chilonda chayamba kale mafinya. Iwo osamva kanthu. Ndikutsuka, anangoti, "Tsiku lija nsapato za mayi ako sunazibwezere bwino." Basi. Anadziwa kuyambira kale.

Lamulungu, 25 Meyi
Ndinawauza kuti lero ndikapereka pepala lakuchipatala kwa a Japhet, aliwerenge pamaso pa akulu ampingo. Akana. "Akadziwa kuti sunali mowa, ayamba kufunsa amene ananena. Iwe ndiwe mphunzitsi. Zisiye."
Avala jekete, atenga ndodo, anyamuka pang'onopang'ono. Masiku ano amakhala benchi yakumbuyo.
Pepala lili m'chikwama changa. Belu lachiwiri layamba kulira. Ndikatha kulemba mzere uno ndinyamuka.