Duwa langa la irisi: nditenge njere kapena muzu?

Aphungu,

Ndine mayi wopuma ntchito, ndinkagulitsa buledi kuno ku Briare. Kuseri kwa nyumba yathu ndimadzala maluwa a irisi, aja okhala ndi kandevu pa masamba apansi a duwa. Kwa zaka zambiri, Meyi akafika, ndakhala ndikutapa mungu wa maluwa ofiirira n'kupaka pa oyera, kufuna duwa loyera pamwamba, lofiira pansi. Ana ake amangotuluka amtundu wa biringanya, ena ngati madzi otsukira mbale.

Chaka chino limodzi latheka. Pamwamba mbee ngati mkaka, pansi ngati vinyo mukamukweza padzuwa. Ndinaitana amuna anga, a Gaspard. Anavala magalasi n'kuti, "Odile, chofiira chili pati apa? Ine ndikuona chiwindi cha ng'ombe chitavala chipewa chaukwati." Ndinati, "Inu maso anu amangodziwa mitundu ya tchizi basi."

Vuto ndi lakuti nyumba tikugulitsa. Mawondo a amuna angawa atha, ndiye mu Seputembala tikusamukira ku Orléans pafupi ndi mwana wathu, m'nyumba yosanja yokhala ndi kakhonde kosafika dzuwa. Ogulawo akufuna kapinga munda wonse.

Duwali lili ndi muzu umodzi wonenepa, ndi kamphukira m'mbali kochepa ngati chala chakaniso, kopanda ntchito. Koma chodabwitsa n'chakuti pa phesi patupa khoko la njere, pamene ine sindinapakepo mungu. A Gaspard akuti, "Njere zikakhwima uike mu envelopu, tizipita. Tinyamule dothi mpaka ku Orléans ngati tikusamutsa manda?"

Kodi njerezi zidzandipatsa duwa lomweli? Khokoli bambo wake ndani? Nanga n'chifukwa chiyani kufiira kwenikweni kumakana chonchi? Ndikufunitsitsa kuona chimene chili m'khokomo.

O. V., Briare

Mayi O. V.,

Ayi! Njerezo sizidzakupatsani duwa lomwelo, ndipo a Gaspard envelopu yawoyo asungiremo mankhwala a mawondo. Njere ndi mwana. Mwana amatenga mphuno ya uyu, mwano wa uyo. Inu nomwe mwaziona zaka zonsezi: khoko limodzi, ana osafanana. Duwa lanulo pa dziko lapansi lilipo limodzi, ndipo lili m'dothi.

Bambo wa khokolo ndi bemberezi. Anatera pa kandevuko, n'kulowa ndi mungu wa kumene anachokera, mwina pa biringanya zanu zija, mwina kwa aneba. Tsiku lina mukafuna kuti asakutsogolereni, muzithothola masamba apansiwo mukangopaka mungu, asowe potera.

Za kufiira, ine sindinaphunzire m'kalasi, ndinaphunzira mawondo ali m'dothi, ndiye ndinena momveka. Irisi wandevu alibe utoto wofiira weniweni m'thupi mwake. Chimene timati kufiira ndi utoto wa biringanya uja utagona pa wachikasu. Tsono inu mukufuna mitundu iwiriyo ikumane pansi, pamwamba isafikepo ngakhale dontho. N'chifukwa chake anthu amera imvi akusaka chimene mwachipeza kuseri kwa nyumba. A Gaspard sananamiretu, vinyo si magazi. Koma vinyo wovala zoyera ndi wosowa.

Chandikwiyitsa m'kalata yanu ndi mawu oti "kopanda ntchito". Mayi! Muzu umene wachita maluwa suchitanso kachiwiri. Watha, ntchito yake tsopano ndi kuyamwitsa. Kamphukira mukukanyozako ndiko duwa lanu la chaka chamawa kapena chinacho.

Ndiye tengani mpeni lero, mudule phesi lonse pamodzi ndi khokolo. Ndikudziwa, kukuwawani. Nanenso mtima ukuti tione za bemberezi. Koma muzu umodzi sungalere njere ndi kamphukira kofooka nthawi imodzi, ndipo mukaupeputsira katundu mwina utulutsa mphukira ina.

Ogula nyumbawo auzeni panopa, musanasainirane komaliza, kuti duwa ili mukuchoka nalo. Chomera m'nthaka chimapita ndi nthaka, musadzakanganirane pachipata.

Mu Ogasiti kumbani motalikira ndi foloko ya m'munda. Kamphukirako musakalekanitse ndi mayi wake, kakadali kakhanda. Dulani masamba theka, musiye muzu pamthunzi uume pang'ono. Kakhonde kanu kamdimako iwalani: irisi wopanda dzuwa amangobereka masamba. Funsani mwana wanu, kapena pitani ku timinda tobwereka ta m'mphepete mwa Orléans. Simungasowe nkhalamba yokonda maluwa yoti ikupatseni malo aakulu ngati thireyi ya buledi, bola pakhale padzuwa, posadikha madzi.

Chenjezo langa ndi ili: chikondi chisakupusitseni. Anthu akakonda duwa amalikwirira mozama, n'kulifunditsa manyowa ngati wodwala malungo, ndipo limaola. Msana wa muzuwo uzioneka pamtunda, dzuwa liziuwotcha. Thirirani pobzala, kenako chotsani manja.

A Gaspard muwauze kuti palibe akusamutsa manda. Chamoyo chake chikwana m'thumba la jekete yawo, ndipo anyamule okha, chiwindi chawocho.

Aphungu