Maungu a Pirinsi

Kalongwezi, Chipata
21 Epulo 1996

Okondedwa alongo anga a Ketilina,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu a Lazarus ndi onse a pakhomopo. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukulira ngati chitseko cha tchalitchi ndikamawerama. Mano atsala owerengeka, koma otsalawo akugwirizana.

Kalatayi ndapatsira Alfonsi, uja amabwera ndi nshawa pa njinga. Akuwerengereni ndi mwana wanu Elesi, koma muyambe mwawatuma alamu kudimba. Chifukwa chake muchimva m'munsimu.

Kuno mvula yatha, fumbi layambanso. Masitolo adzaza katundu wa ku Joni. Kale tinkaima pamzere kudikira sopo amene kunalibe, pano sopo aliko wa fungo lililonse, ife timaima pawindo kumuyang'ana.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito kwa a Benson Jere, aja anapuma uphunzitsi, ndi akazi awo adona a Hazel. Ndinalembedwa yothirira maluwa ndi kutsegula geti. Koma chichokere Khirisimasi ndinakwezedwa pa udindo. Mwana wawo wa ku Lusaka anawatumizira galu wachizungu, wamkulu ngati thole, wa makutu oima, dzina lake Pirinsi. Ine ndiye khukhi wake, namwino wake ndi msilikali wake.

Galuyu thupi ndi la mkango koma mimba ndi ya khanda. Mukumukumbukira Sadziwa, galu wa atate uja anadya chikopa cha ng'oma ya kwaya n'kukhalabe ndi moyo mpaka kukalamba? Pirinsi akangonunkhiza mafuta ophikira, m'mimba mwatseguka. Ndiye m'mawa uliwonse ndimazungulira mpanda ndi kamtengo kukayendera zimene wasiya, kenaka n'kukapereka lipoti kwa adona pakhonde, chipewa m'manja, ngati uja amalengeza za nyengo pa wayilesi. Sukulu ya kumishoni ija inandithandiza, alongo.

Chakudya chake tinavutika nacho. Poyamba adona anagula thumba la chakudya cha agalu kwa mayi wina wogula katundu kumalire ku Mwami. Munali timibulu touma tofanana ndi zija mbuzi zimasiya m'khola. Galu anadya, galu anatsekula. Dokotala wa ziweto atawerenga pathumbapo anati m'katimo ndi chimanga ndi utoto basi, nyama inangodutsa patali. Tinayesa thumba lina lodula, koma ilo linali lonona kwambiri, galu anasanza. Pomaliza dokotalayo analamula kuti Pirinsi azidya nkhuku yowiritsa ndi mpunga, yochotsa khungu ndi mafupa, yopanda mchere, mafuta kapena anyezi. Anatinso chakudya chatsopano tizimulowetsa pang'onopang'ono, tisamamusinthire mwadzidzidzi. Tinatero, ndipo malipoti anga anayamba kukoma. Ine ndinkaphikira galu nkhuku pa mbaula kutsogolo kwa kanyumba kanga kakumbuyo, ndikamaliza n'kuphika nyemba zanga.

Kenaka mu Febuluwale kunatulukira amuna anu pa njinga, pochokera ku mwambo wa Ncwala ku Mtenguleni. Anapeza poto ali pamoto. Anavundukula okha, n'kuyang'ana nkhuku, n'kundiyang'ana ine, maso ali ndi misozi. Anati sankadziwa kuti ndimawakonda chotere, ndipo anafunsa kuti ndinadziwa bwanji kuti akubwera. Ndisanayankhe anali atasamba kale m'manja.

Tsopano ndiuzeni inu, alongo. Munthu amene anakwatira mlongo wako, wafika ndi matope mpaka m'maondo, wapeza nkhuku pamoto pakhomo pako, ungatsegule pakamwa n'kumuuza kuti imeneyi ndi ya galu? Amayi akanadzuka kumanda kudzandimenya ndi mthiko. Ndinawapakulira, ndi nthutumba yomwe ndinaika pamwamba monga mwa ulemu wa mlendo. Anadandaula kuti mulibe mchere, koma anadziyankha okha kuti anthu a m'tauni amaopa BP. Anamaliza yonse. Pirinsi anakhala patsogolo pawo n'kumaperekeza nthuli iliyonse ndi maso kuchokera m'mbale mpaka pakamwa. Alamu anati sanaonepo galu waulemu chonchi, wodziwa kukhala ndi alendo, ndipo anamuponyera mbewa yowamba ya m'thumba mwawo ngati mphoto. Galuyo ine ndinamugawira nyemba zanga kuti asagone ndi njala. Za kapeti wa adona m'mawa mwake sindilemba, pepalali ndi loyera.

Pali kenanso. Thumba loyamba lija linali kuseri kwa chitseko changa. Alamu analipeza, analawa, n'kunena kuti masikono a ku Joni ndi olimba koma okoma, ndipo anadzaza matumba a jekete kuti akakupatseni. Ngati munamwera tiyi, musadandaule, ndi chimanga ndi utoto basi, dokotala anatero. Pathumbapo analembanso kuti timibuluto timawalitsa ubweya. Mundiuze za tsitsi lanu.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndikungoseka. Koma ndamva kuti alamu atafika anaima panja pa tchalitchi Misa itatha n'kulengeza kuti Bonifasi analemera, nkhuku ndi mpunga tsiku ndi tsiku, mpaka watopa nazo sathiranso mchere. Chiyambire pamenepo palibe wa kwathu amene amabwera kuchipatala, kuboma kapena kudzagula feteleza osadutsa pa geti langa. Abwera ngakhale anthu amene sanaoneke pa maliro a malemu mkazi wanga Veronika. Onse amafika nthawi imene poto wayamba kubwata, ngati pali belu. Ndinayesa kuphikira kuseri kwa galaja, fungo linandiulula. Ndinayesa kunena kuti ndi ndiwo za abwana, koma msuweni wathu Tiyamike anati abwana sadya za pa mbaula ya wantchito, ndisiye kuumira. Mlendo aliyense amadya ya galu, galu amadya za mlendo, ine n'kumachapa khonde.

Adona sakudziwa zimenezi. Akadziwa adzati ndimaba nkhuku kudyetsa mudzi wonse, ndipo sadzakhala atanama kwenikweni. Iwo akuganiza kuti ndakalamba, ndimaiwala n'kuthira mafuta. Ndi munthu wopemphera, sakalipa, ndiye zimawawa kwambiri. Anandikhazika pampando n'kundiuza mofatsa kuti kukafika kumapeto kwa Meyi galu asanachire adzafuna munthu wina wa maso abwino, ndipo kanyumbaka kadzakhala ka iyeyo.

Apa sindikuseka, alongo. Pa msinkhu wanga palibe angandilembe ntchito. Munda wanga mukulima ndinu, khasu sindingalithenso, ndingabwere kudzangokhala pakamwa pena pa nkhokwe yanu. Komanso galuyu waonda, nthiti zikuwerengeka, pa mlandu umene si wake. Chimwalirire Veronika, ndi yekhayu amene amamvetsera nthabwala zanga mpaka kumapeto osanena kuti anazimva kale.

Koma Mulungu sanandiiwale. Sabata yatha dokotala uja anati tiziwonjezera dzungu lowiritsa, limamanga m'mimba mwa galu bwinobwino. Ali m'kati molankhula, ine nzeru inandifikira. Tsopano nkhuku ndimawiritsa m'mamawa alendo asanatsike basi, ndimaisinja mu mtondo mpaka isadziwike kuti inali ndi mapiko, n'kusakaniza ndi mpunga pang'ono ndi dzungu lambiri. Chimatuluka chiphala chachikasu chosaoneka bwino.

Ndinachiyesa pa Tiyamike yemweyo. Anabwera ati kudzaonetsa dzino, koma dzinolo silinamuletse kuvundukula poto. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti nkhuku zija zinapita kuti. Ndinati zinthu zavuta m'tauni, tadyani maungu. Anati maungu wawasiya kumudzi akudya nkhumba, sangakwerere basi maungu. Anadya nsima ya chiwawa, masamba a maungu omwewo, mwamsangamsanga n'kunena kuti akuthamangira chipatala. Pirinsi anadya chiphala chake yekha mpaka kunyambita mbale, ndipo chiyambire tsiku limenelo zimene ndikupeza kumpanda n'zoti munthu ungaonetse alendo. Adona amwetulira koyamba.

Choncho ndaphunzira kusankha chakudya chabwino cha galu, ngakhale dokotala sanaliwerenge phunziro lonse. Chikhale choti mimba ya galu ichivomere, abale ako achikane.

Pempho langa ndi limodzi. Nditumizireni maungu. A pa msika wa Kapata ndi amadzimadzi, ndipo ayamba kale kusowa. Ndikufuna aja anu a m'munda wa kuchulu, okhwima, a khungu lolimba loti chikhadabo sichilowa, othyola ndi phesi lake kuti asungike mpaka dzuwa la Okutobala. Ndawatamanda kale kwa adona, ndipo anena kuti adzakuthokozani bwino. Muzimupatsira Alfonsi ulendo uliwonse monga mmene njinga ingathere, oyamba afike Meyi asanayambe. Chonde musatume alamu. Mphuno yawo ija ingapeze nkhuku ngakhale itakwiriridwa pansi pa chulu.

Akakufunsani za ine, muziti Bonifasi zinamuthera, akudya maungu m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka akupempha a kumudzi. Muzinena ndi nkhope yachisoni, makamaka panja pa tchalitchi. Sindidandaula kutchuka ndi umphawi, ndinazolowera. Amene adzabwerebe atamva zimenezo ndiye m'bale weniweni, ndipo ameneyo ndidzamugulira nkhuku yakeyake, ya mchere.

Za mwini wake wa nkhuku ija musawauze alamu. Nkhani imeneyo ndi yanga. Ndikubwera pa tchuthi mukamaliza kukolola, ndidzawauza ndekha titakhala pa mowa, anthu ali ambiri, chifukwa nkhope imene adzapange sindingalole kuti ndingoimva kwa ena.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti mankhwala a m'maso ndawapeza. Moni kwa Elesi amene akuwerengayu, aleke kuseka amalize kalata. Moni kwa adzukulu onse, kwa apongozi anu, ndi kwa Tiyamike, dzino lipole. Alamu muwapatse moni wapadera wochokera kwa ine ndi kwa mnzawo wa mbale imodzi, amene mpaka lero akamva njinga pa geti amathamangira kukagona pafupi ndi poto wake.

Tsalani bwino, Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu wakudya maungu,
Bonifasi Mbewe