Ndinayeza ina patebulo, ina pabulangete

Aphungu,

Lero kwacha kozizira, mvula ikuwaza, ndipo wowotcherera zitsulo kuseri kwa nyumba yathu wayamba kale phokoso. Ine ndikungolowa ndi kutuluka.

Ndili ndi zaka 16. Anzanga ndilibe kwenikweni, pa buleki ndimakhala m'chipinda cha makompyuta. Aphunzitsi anandituma kuyeza mapulogalamu awiri oyendetsera JavaScript, chilankhulo cha makompyuta, pa seva, kompyuta yosungira masamba a pa intaneti: yakale yomwe tsamba la sukulu likugwiritsa ntchito, ndi ina yatsopano. Akufuna yoyankha msanga, poti zotsatira za mayeso zikatuluka makolo onse amatsegula tsambalo nthawi imodzi.

Ndinabwereka laputopu ya achemwali. Yatsopano ndinaiyeza m'mawa, laputopu ili patebulo, chaja ili kumagetsi. Yakale ndinaiyeza masana magetsi atathima, laputopu ili pabulangete, ikutentha ngati simbi. Yatsopano inaoneka yothamanga kawiri. Aphunzitsi anandigwira paphewa kalasi yonse ikuona, nati, "Wacheteyu ndiye ali ndi mutu, osati inu akamwa mbwee." Sabata yamawa asamutsira tsambalo pa yatsopanoyo.

Dzulo ndinabwereza zonse ziwiri patebulo. Zikungofanana, mwinanso yakale ikuposako pang'ono. Ndiwauze aphunzitsi? A m'kalasi mwathu amanditcha kale Kadzidzi, nanga akamva izi?

Kalatayi ndinaiyamba m'mawa, pano dzuwa lapendeka. Amayi abwerako kumsika, achemwali nawo alowa, akufuna laputopu yawo. Sindinauze aliyense.

L. K.

Mwana wanga L. K.,

Unathamangitsa anthu awiri, wina atadya, wina ndi njala atafundanso bulangete padzuwa. Laputopu ikatentha kapena ikakhala pabatire imadzichepetsera liwiro yokha. Unayeza bulangetelo, mwanawe.

Uwauze aphunzitsi asanakhudze tsambalo. Upite pawekha, mapepala onse awiri a zimene unayeza ali m'manja, unene mmene chinachitikira. Kenako upemphe makompyuta awiri a kusukulu, imodzi ikhale seva, inayo izitumiza mafunso, chifukwa kompyuta imodzi ikamadzifunsa ndi kudziyankha yokha imatopa pawiri. Pa kuyeza kulikonse, zotsatira za mafunso oyambirira uzitaye, mapulogalamu amenewa amayamba mwaulesi kenako n'kutakasuka. Uziyeza mosinthanitsa, iliyonse kasanu, ndipo utenge nambala yapakati. Uyeze tsamba lenileni la zotsatira, osati tsamba longoti moni. Uonenso funso limene linachedwa kwambiri kuyankhidwa linadikira nthawi yaitali bwanji, poti kholo lodikira choncho ndi lomwe lidzaimbire ahedi.

Achemwali ako uwauze lero lomwe. Mwina akukalipira za bulangetelo, komabe usasenze wekha.

Anzako adzaseka masiku awiri, n'kupeza wina womuseka. Koma chenjera, usang'ambe pepala loyambalo kuti uoneke wosalakwa. Ukakhala chete, tsamba lidzasamutsidwa pachabe, ndipo likakakamira makolo ali pamafoni, aphunzitsi akafunsidwa adzatchula dzina limodzi lokha, la amene anayeza.