Mayi Maimuna akunamizira kusadziwa kufutsa

Aphungu,

Ndine mlimi wa fodya kuno ku Santhe. Kuponi ya feteleza inandipeza, moti mpaka Malichi nkhokwe yathu inali isanathe. Koma kusikelo anati mwana wathu Yankho, wa zaka ziwiri, wanyentchera. Ndinachita manyazi kwabasi.

Mkazi wanga Feliya chipitire padera mu Januwale amangokhala ndwii pakhonde. Nkhwani unkakhwimira m'munda osafutsidwa, mtedza osasinjidwa. Ine ndimatandala m'chigafa cha fodya ndipo ndimadya pandekha, ndiye sindinaone kuti mayi ndi mwana akungodya phala lamchere.

Kenaka Mayi Maimuna, akazi a Osman agolosale, anafika ndi lichero la nkhwani. Anati, "Amake Yankho, ine za kufutsazi zinandidutsa, tandiphunzitsani." Akhala akubwera m'mawa uliwonse, mwina ndi usipa, mwina ndi nyemba. Amaphika, kudya limodzi, theka la mfutso n'kusiya. Sabata yatha ndinamva Feliya akuseka.

Dzulo ndinapita kwa a Osman, ndipo kukhitchini ndinaona zikwatu zakale za mfutso zili lendelende, zomanga bwino kuposa za amayi anga. Nditafunsa za akazi awo, a Osman anati, "Awa? Anayamba kufutsa ali kamtsikana." Ndiye kuti Mayi Maimuna akungotimvera chisoni. Ndimuuze Feliya, ndiwaletse? Anthu adzati tikudyetsedwa.

L.K., Santhe

A L.K.,

Musayerekeze! Ine Mayi Maimuna ndawavulira chipewa. Akanabwera ndi mbale ya ndiwo, akazi anu akanadziona ngati opempha. Iwo awasandutsa aphunzitsi, ndipo mphunzitsi amadzuka, kusamba, n'kudya.

A Feliya si aulesi ayi. Akudwala matenda a maganizo, ndipo mayi akadwala chonchi mwana ndiye amayamba kuonda. Pitani nawo kuchipatala mukafotokoze zonse kuyambira pa padera paja, pakuti matendawa amachizika. Yankho asadumphe sikelo, ndipo phala lake lizikhala ndi nsinjiro kapena dzira. Mtedza mungathe kusinja nokha, musi suluma mwamuna. Ndiponso siyani kudya panokha ngati mlendo, khalani nawo pamphasa muziona zolowa m'kamwa mwa mwana.

Za anthu zitayeni, mulomo wawo sunanenepetsepo mwana. Koma chenjerani: a Feliya akayamba kulankhula zotopa ndi moyo, musadikire kuti kuche bwino, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo chinsinsi cha zikwatucho chisungeni. Mukaulula, Mayi Maimuna sadzataya kanthu, koma akazi anu adzabwerera pakhonde paja.

Aphungu