Nsikidzi Uja Ndine, Achemwali

Okondedwa achemwali,

Moni wangayu akupezeni mutakhala pansi, chifukwa nkhani ndabwera nayoyi si yomvera choimirira. Muli bwanji kumeneko? Ana akudzuka bwanji? Kamaliza kaja kanamera mano, kapena kakulumabe anthu ndi usinini? Kuno tilipo. Amayi bondo likuwavutabe, koma pakamwa pokha palibe vuto. Ine ndikumetabe mitu ya anthu kwa a Chidazi, amene mpaka lero saona chachilendo kuti munthu wopanda ndi tsitsi limodzi lomwe akhale mwini wa malo ometera.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati munthu wamakedzana. Ndamva kuti foni yanu masiku ano ikugona m'thumba mwa alamu, ndiye ndati ndisasonkhezere moto. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole uja amadutsa kwanuko, ndipo ndamuuza aipereke m'manja mwanu.

Amayi anandiuza zonse. Akuti alamu asamukira pasofa, sakukuyankhulani, chifukwa cha nkhani ya pafoni yolembedwa ndi munthu wodzitcha Nsikidzi. Akuti munthuyo akudziwa chipsera cha paphewa panu chimene chimabisika m'bulauzi, akudziwanso kuti mukakwiya simukalipa koma mumang'ung'udza nyimbo. Ndiye alamu akuti mwamuna wodziwa zimenezo ndi chibwenzi basi, palibenso zofunsa. Amayi anamaliza n'kunena kuti tsiku adzamugwire Nsikidziyo adzamuthira madzi owira. Ine ndinali pomwepo ndikuwasisita bondo. Ndinangovomereza kuti zoonadi, anthu ena sanaleredwe.

Achemwali, Nsikidzi uja ndine.

Musang'ambe pepala, imvani kaye.

Mukukumbukira filimu ya magawomagawo ija ya ozimitsa moto? Amene anandionetsa koyamba ndi alamu omwewo, nthawi ija munabwera kudzaona amayi. Ndi iwonso anandilowetsa m'gulu la pafoni la anthu oikonda. Mmenemo anthu akatopa kudikira gawo latsopano amapeka nkhani zawozawo za anthu a m'filimuyo, ena n'kumawerenga. Dzina aliyense amadzipatsa yekha. Ine ndinadzitcha Nsikidzi poti ndimaluma anthu ndi ndemanga.

Poyamba ndinkakondwa. Koma achemwali, zimene amalemba anthu amenewa n'zonyansa mtima. Nkhani iliyonse ndi chibwenzi. Mkulu wa ozimitsa moto ndi namwino, chibwenzi. Anyamata awiri aja amadana ngati mphaka ndi khoswe, chibwenzi. Nyumba ikupsa, mwana akulira pawindo, iwo aima mu utsi akuyang'anizana m'maso, paipi ya madzi ili gone pansi. Ngakhale galu wa pasiteshoni paja anamupezera mkazi. Munthu ukatsegula foni m'mawa ndi timitima tofiira tokhatokha mbwee, ngati chikuku.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi cha mayi uja amayendetsa galimoto yozimitsa moto ndi kamnyamata kogwira paipi. Aliyense wa maso akuona kuti mayiyo amakatenga ngati kamlongo kake. Amakakoka khutu, amakalanda fodya, amakasiyira mkute. Koma m'gulumu awakwatitsa kale, awalekanitsa, awakwatitsanso, mpaka mapasa anawapatsa.

Tsiku lina ndinafunsa mwaulemu ngati palibe nkhani ndi imodzi yomwe imene anthu amangothandizana osavulana malaya. Anandiseka. Wina anati mwana ameneyu sanakule. Wina anati ndinakanidwa ndi mtsikana, n'chifukwa chake ndikuwawidwa. Mwini gulu, amene amadzitcha Mayi Timitima, anati ngati ndikufuna nkhani zouma choncho ndilembe ndekha, tione amene adzawerenge.

Ndiye ndinalemba. Ine yemwe uja aphunzitsi ankati ndikagwira cholembera chimalira. Ndinkalemba ndi chala chimodzi pabenchi ya panja, kukakhala kulibe mutu wometa, tsitsi la anthu lili m'zikhadabo.

Vuto linali lakuti kupeka sindidziwa. Chimene ndimadziwa ndi inu.

Ndinalemba kuti kamnyamata ka paipi kalakwitsa ntchito, akauza kuti kasabwerenso, ndiye kakabisala kuseri kwa siteshoni pamatayala akutha. Mwadziwa kale kumene ndinazitenga. Ndi tsiku lija anandithamangitsa kusukulu, ine n'kukakhala kuseri kwa galaja kuopa kufika kunyumba. Munandipeza mukung'ung'udza nyimbo, ine n'kudziwa kuti lero ndafa. Koma simunandimenye. Munakhala pafumbi pomwepo ndi siketi yanu yakuntchito, n'kundisiya ndilire mpaka mamina paphewa panu, pachipsera chomwe chija chinabwera nditakola chingwe cha simbi inu mutawerama kutola sokosi yanga. Nditamaliza munandigwira pakhosi ndi dzanja lanu lozizira lija n'kunena kuti, "Dzuka, pansi si pako."

Zonsezo ndinamupatsa mayi wa galimoto uja. Chipsera, nyimbo, dzanja, mawu. Nkhani inathera pomwepo, awiriwo akubwerera kuntchito, mayiyo akukakankha kamnyamatako pamsana.

Mukudziwa zimene anayankha? Wina anati yabwino koma kisi ili kuti. Wina anati akudikira gawo limene adzavomerezane. Wina anangoika kankhope koyasamula.

Kenako munthu wina wodzitcha Mtima Wosweka analemba gawo lachiwiri osandifunsa, pamwamba n'kusiya dzina langa kuti ndi nkhani ya Nsikidzi. Achemwali, ndinaiwerenga ndili ndi makina m'manja, mutu wa munthu uli patsogolo panga. Ndinamulambulira msewu kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo. Bamboyo anabwera kudzangochepetsa, anapita mpala.

Munthu ameneyu anatenga chipsera chanu n'kuchinyambititsa. Anatenga nyimbo yanu n'kuiika kubafa. Mawu anu aja anawatengera pamatiresi, mayiyo akuuza kamnyamatako kuti kadzuke pansi kakwere pabedi. Ndinatuluka panja kukalavula. Zili ngati munthu watenga kapu yanu yomwera tiyi n'kukatungira madzi a m'ngalande, kenako n'kubweza pashelefu akumwetulira.

Ndinalemba m'gulumo kuti achotse, ameneyo ndi mchemwali wa munthu. Anandiyankha kuti m'filimu mulibe chibale chotero. Ndinati ndikunena mchemwali wanga ine, weniweni, wa magazi. Mayi Timitima anati nkhani ikalowa m'gulu ndi ya aliyense, ndipo ine ndikuziziritsa anthu. Anafufuta zonse ndinanenazo n'kunditulutsa ngati ntchentche ya mumkaka. Gawo lachiwirilo linatsala, ndipo ndi limene anthu akutumizirana. Langa lija palibe akulikumbuka. Alamu ayenera kuti anawerenga onse awiri motsatizana n'kuganiza kuti wolemba ndi mmodzi.

Ndinadandaulira a Chidazi. Anandimvetsera bwinobwino akupukusa mutu wawo wonyezimira uja, n'kunena kuti anthu a masiku ano alibe manyazi. Patapita kanthawi anandiitanira kuseri n'kundipempha kuti ndiwawerengere gawo lachiwirilo, poti maso awo saona zilembo zing'onozing'ono. Ndinatenga tsache n'kuyamba kusesa pamapazi pawo mpaka anachoka.

Ine sindikuti chibwenzi n'choipa. Nanenso ndili ndi kamtsikana kogulitsa ma chaja a mafoni kamene ndikakaona ndimaiwala dzina langa. Koma kodi dziko lonseli anthu amangokondana njira imodzi? Amene anakunyamula kumsana kupita nawe kuchipatala, amene ananama kwa amayi pokuteteza kuti mbale anaswa ndi iye, ameneyo nkhani yake alembe ndani? Ndimangofuna pakhale imodzi yokha ya chikondi chosavula nsapato. Ndipo kunena zoona, mawu munandiuza kuseri kwa galaja aja sindinakuthokozenipo. Pakamwa panga mumapadziwa, pamangotuluka zopusa. Ndinati mwina ndikalemba zituluka bwino. Taonani zatulukazi.

Pempho langa ndi ili. Kalatayi muwapatse alamu awerenge okha. Ndikudziwa chawapweteka si chipsera ayi, ndi mawu aja, chifukwa ndinamva kuti munawauzanso iwo chaka chija ntchito inawathera. Ankayesa ndi awo okha. Muwauze andikhululukire, koma ine ndinayamba kumva mawuwo iwo asanabwere n'komwe kudzaima pageti ndi nsapato zawo zopukuta. Ngati sakukhulupirira, aimbire amayi awafunse amene anakola chingwe cha simbi. Koma andipatse kaye mpata ndibise ketulo, chifukwa ndikangopereka kalatayi ndikupita kukawauza amayi ndekha, ndipo madzi aja analonjeza.

Inunso ndikupepesa. Ndinatenga za inu n'kukaziyanika pamsika osakufunsani. Mukafuna kung'ung'udza nyimbo mukadzandiona, ng'ung'udzani, khutu ndibweretsa ndekha.

China, ndatsegula gulu langa. Lamulo ndi limodzi: moto ukayaka, anthu azizima moto. Pakali pano tilimo ine ndi mlonda wa pasitolo ya utoto, amene sanaonerepo filimuyo koma akuti amadana ndi zopusa. Alamu malo awo alipo, mtima wawo ukazizira.

Alamu akamaliza kuwerenga kalatayi, musawanyengerere kwambiri, amuna tikanyengereredwa timafufuma. Mungowaimirira pamutu, muwagwire pakhosi ndi dzanja lozizira lija, muwauze kuti adzuke, pasofa si pawo.

Mundiperekere moni kwa ana onse, kamaliza mukapsompsone pachipumi, imeneyo ndiye kisi yokhayo ndikuivomereza chaka chino. Mulungu akusungeni, asunge nyumba yanu, ndipo Mtima Wosweka foni yake igwere m'chimbudzi.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Nsikidzi, koma lero n'komaliza, dzinali ndalitaya.