Apongozi anga akumandifulatira akamaluka

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndili pachitengwa kuno ku Senga Bay, ndipo ndimagwira ntchito yokonza m'zipinda pa loji ina. Nkhani yanga ndi ya apongozi anga aamuna, amene anthu kuno amangowatchula kuti a Fanuel a miono.

Moyo wawo wonse akhala akuluka miono yogwirira nsomba. Zaka zapitazi mionoyo inayamba kugwira mabotolo apulasitiki kuposa nsomba, makamaka mvula ikakokolola zinyalala za kumsika. Wina akanangotukwana n'kukagona. Iwo anatenga botolo limodzi, anadula kunsi kwake, n'kulicheka m'litali kukhala timizere, koma khosi analisiya. Kenako anayamba kulowetsa mlaza pakati pa timizereto monga amachitira poluka mono, mpaka chinthucho chinatambasuka ngati chipewa chachikulu. Pakhosi pa botolopo ndi pamene pamadutsa waya wa babu.

Aphungu, mukanachiona babu litayaka! Kuwala kumatulukira m'timipata n'kumwazika pakhoma ngati mamba a chambo. Pa loji pathu anapachika zisanu ndi zitatu, ndipo ndikamazipukuta fumbi ndimanyada ngati wozilukayo ndi bambo wondibereka. Ngakhale gombe la kumudzi kwathu layera, poti azimayi akamachokera koyanika usipa amabwera ndi mabotolo m'beseni.

Chandivuta n'chakuti maso awo akuchita ng'ala, ndipo chaka chino zafika poipa. Mwa ana awo palibe amene akufuna kuphunzira. Amuna anga, bambo a Wezi, ndi a kabaza, ndipo nditawafunsa anati, "Ine ndizikhala pansi n'kumaseweretsa zinyalala?" Amene ndikufuna ndine. Koma mukudziwa kuti mtengwa sakhala mkeka umodzi ndi apongozi ake aamuna. Zaka zisanu ndi zinayi sitinayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira ndimapatuka n'kunjuta, ndipo uthenga uliwonse umadzera kwa apongozi aakazi.

Ndiye ndiulule, ndakhala ndikuba luso. Loweruka ndikapuma ndimakhala kuseri kwa mpanda ndi lichero la mpunga ngati ndikusankha, koma maso ali pa kampata ka udzu. Iwo amakhala pakhonde, nkhope italoza kumpandako. Ndachita izi miyezi itatu. Mwezi watha atapita kumaliro ku Lifuwu, anasiya chimodzi chosamaliza. Mtima unandikanika, ndinalukapo mizere inayi n'kuchibwezera pomwe chinali. Atabwera anangochisisita ndi chala, n'kuuza akazi awo mokweza kuti, "Mayi, pano padutsa dzanja lina. Likukoka mlaza bwino, koma likuyenda chobwerera. Kumene ine ndimapita kumanja, ilo likupita kumanzere." Atatero anamasula mizere yanga yonse. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Kuyambira tsiku limenelo anasuntha mpando. Tsopano amakhala pafupi ndi mpanda, koma atandifulatira. Ntchitoyo amainyamula m'mwamba kupitirira phewa, n'kumaluka pang'onopang'ono kwambiri, mwina masowo akuipiraipira. Mpunga ndikusankhabe, koma pa kampata paja sindikusuzumiranso chifukwa cha manyazi. Kodi ndawalakwira moti sangandikhululukire? Ndisiye? Ndikuopa kuti maso akadzatsekeka, luso limeneli lidzathera pakhonde pomwepo, ine ndili kuseri kwa mpanda.

M.K., Senga Bay, Salima

Mayi M.K.,

Poyamba mundiperekere ulemu wanga kwa a Fanuel. Enafe botolo tikamwa timaliponya pawindo la minibasi, iwo akuliunikitsa nyumba. Bambo ameneyo ndi mphunzitsi, ndipo inu ndinu mwana wasukulu amene wagona m'kalasi.

Taganizani bwino. Munthu wofuna kubisa luso lake amalowa nalo m'nyumba n'kutseka chitseko. Sasendeza mpando kufupi ndi mpanda umene akudziwa kuti uli ndi maso. Komanso wodwala maso amayandikiza ntchito kumphuno, sainyamula pamwamba pa phewa mpaka mikono kulema. Miyezi itatu yonse munkaphunzira mutayang'anizana nawo, n'chifukwa chake dzanja lawo lamanja linkaoneka kumanzere kwanu, inu n'kumaluka chobwerera. Iwo anazimva ndi chala chimodzi. Tsopano atembenuka kuti manja awo akhale mbali imodzi ndi anu, akweza ntchito kuti muione, ndipo akuchedwa dala kuti mutsatire. Apeza njira yokuphunzitsani osayang'anana nanu m'maso, mwambo uli chilili. Mawu aja oti dzanja likukoka mlaza bwino, mukuganiza kuti ankauza ndani? Akazi awo sanali patali poti n'kuwafuulira.

Komabe munalakwa kugwira ntchito ya munthu wamkulu iye kulibe. Pitani kwa apongozi aakazi ndi kapaketi ka shuga, muwauze kuti dzanja lija linali lanu, mupepese, ndipo munene poyera kuti mukufuna kuphunzira. Musadabwe akakusekani, nkhaniyi anaidziwa kale. Ngati mukufuna kudzakhala pakhondepo, afunseni iwo ndi ankhoswe. M'mabanja ambiri manyazi a chipongozi amawachepetsa ndi kamphatso ana akabadwa, ndipo inu muli nawo awiri. Akakana, mpandawo sunakuletseni kanthu.

Yambani botolo lanulanu, la iwo musaligwirenso. Mukaluka mizere ingapo, lisiyeni pakhonde kuti chala chija chikuyeseni mayeso.

Za maso musangokhala nazo n'kumati ndi ukalamba. Ng'ala nthawi zambiri amaichotsa kuchipatala. Bambo a Wezi amanyamula anthu osawadziwa tsiku lonse, anyamulenso bambo awo akawaone madokotala a maso. Pobwerera angathe kutolako mabotolo, njinga siidzathyoka.

Chenjezo langa ndi ili: pulasitiki ndi mlaza wouma sizigwirizana ndi moto. Muziikamo mababu amakono osatentha aja, waya azilumikiza wodziwa zamagetsi, ndipo tizidutswa totsala musatiotche pakhomo, utsi wake ndi woipa.

Loweruka lino lichero la mpunga mulisiye m'nyumba. Tengani botolo, mpeni ndi mlaza wonyowetsa kale, mukakhale pa kampata kanu kaja. Bambo wokalamba wakhala mwezi wathunthu mikono ili m'mwamba, akuphunzitsa munthu amene wayang'ana pansi. Musawalemetsenso.

Aphungu